Kodi laibulale ya .so ingagwire ntchito pa kachip kopanda MMU?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndikupanga chipangizo choyendetsa mota pogwiritsa ntchito STM32F407 ndi FreeRTOS. Ma task atatu komanso bootloader zonse zimafuna laibulale ya Mbed TLS. Ndinazolowera Linux, komwe fayilo ya .so imakhala imodzi ndipo pulogalamu iliyonse imangobwereka. Kodi ndingachite chimodzimodzi pano, kuti flash isadzaze, komanso kuti ndizitha kusintha laibulaleyo payokha popanda kutumiza firmware yonse?"

Zikomo chifukwa cha funsoli. Ndiyambe ndi kukutulani katundu wina amene mwasenza popanda chifukwa: ma task anu atatuwo, tintchito timene FreeRTOS imayendetsa pa kachip ka STM32F407, akugawana kale laibulale ya Mbed TLS, yobisa ndi kuteteza uthenga. Tsegulani fayilo ya .map imene linker, chida cholumikiza zidutswa za code kukhala pulogalamu imodzi, imatulutsa mukamanga firmware, mufufuze dzina loti mbedtls_sha256_update. Mulipeza pa adiresi imodzi yokha, ndipo task iliyonse ikaitana function imeneyi imalumphira pomwepo. Pa Linux pulogalamu iliyonse ndi process yokhala ndi maadiresi akeake, n'chifukwa chake panafunika njira yoti mapulogalamu ambirimbiri asamanyamule libc, laibulale yaikulu ya chinenero cha C, aliyense yakeyake. SunOS 4.0 ya mu 1988 ndi imodzi mwa ma operating system amene anafalitsa njirayi. Koma pa FreeRTOS kernel, ma task ndi malaibulale zimasokedwa pamodzi kukhala pulogalamu imodzi. Nthenda imene .so imachiza kulibe pakati pa ma task anu.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu ochokera ku Linux n'chakuti kulumikiza kwa static, kosokera laibulale m'kati mwa pulogalamu momwemo, nthawi zambiri ndiye kumadya flash yochepa. Mukamanga ndi -ffunction-sections ndi -fdata-sections, kenako n'kupatsa linker --gc-sections, function iliyonse yopanda woiitana imatayidwa. Laibulale yogawana singadzipepule chonchi, chifukwa pomangidwa siidziwa amene adzaiitane mawa, choncho imasunga zonse zimene yalonjeza, n'kuwonjezapo matebulo a mayina ndi a relocation.

Ndiye zotsala m'funso lanu ndi ziwiri, ndipo ziwirizo n'zenizeni: bootloader, kapulogalamu koyamba kuyenda chipangizo chikayatsidwa, ndi application ndi mapulogalamu awiridi, ndiponso mukufuna kusintha gawo limodzi palokha. Tisanafike pa chochita, tione chifukwa chake njira ya Linux singakoperedwe momwe ilili.

Chimene chimapangitsa .so kukhala yosavuta pa Linux ndi MMU, gawo la purosesa lomasulira maadiresi a memory. Code ya laibulale imakhala kamodzi mu RAM, koma process iliyonse imaiona pa adiresi yake, ndipo pafupi ndi code imeneyo imaona data yakeyake. Mtunda wa pakati pa code ndi data sumasintha, choncho function ikafuna variable ya global imangowerenga kuchokera pamene yaima n'kupeza tebulo lotchedwa GOT, momwe mwalembedwa adiresi yeniyeni. MMU ndi imene imachititsa kuti adiresi yomweyo ikhale tsamba lina la RAM kwa process iyi ndi tsamba linanso kwa inayo. Cortex-M4 ya mu chip yanu ilibe MMU. Ili ndi MPU ya zigawo 8, ndipo MPU ndi mlonda chabe, amaletsa kapena kulola, samasulira adiresi. Code yanu imayendera mu flash momwemo kuyambira pa 0x08000000, data ili mu RAM kuyambira pa 0x20000000, ndipo palibe chipangizo chonamizira kuti ziwirizi zayandikana.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kugawana code n'kosavuta, chifukwa code imangowerengedwa. Chovuta ndi data. Mukangoika -fPIC, youza compiler kupanga code yoyenda pa adiresi iliyonse, n'kuganiza kuti mwamaliza, compiler iyerekeza kuti GOT ili pa mtunda wokhazikika kuchokera pa code, zomwe si zoona ngati code yatsala mu flash. Muyenera kuiuza ndi -mno-pic-data-is-text-relative, -msingle-pic-base ndi -mpic-register=r9 kuti adiresi ya data izisungidwa mu register ya r9. Kuyambira pamenepo udindo ndi wanu woonetsetsa kuti r9 ili ndi nambala yolondola nthawi iliyonse imene purosesa ikulowa m'laibulale. Polowa pa khomo lalikulu n'zosavuta, mumaika ka code kakang'ono kosintha r9. Nanga polowera pawindo? Laibulale ikapereka pointer ya callback kwa timer ya kernel, kapena function yake ikaitanidwa kuchokera mu interrupt, r9 imakhala ndi chimene anasiyamo amene anadukizidwa. Laibulale imawerenga ndi kulemba m'data ya wina, ndipo chipangizo sichigwa nthawi yomweyo. Chimadzagwa patapita maola, pamalo osagwirizana n'komwe ndi gwero la vutolo. Ndinathera masiku angapo pa vuto lotere pa chipangizo china, ndikukayikira stack, ndikukayikira magetsi, pomwe cholakwa chinali callback imodzi yokha imene inalowa popanda kukonza r9.

Njira yolongosoka ya vutoli ilipo, dzina lake FDPIC. Kumeneko pointer ya function siloza pa code mwachindunji, imaloza pa kabokosi ka zinthu ziwiri, adiresi ya code ndi adiresi ya GOT yake, choncho aliyense woitana amadziwa choika mu r9. GCC inayamba kuithandiza pa ARM mu GCC 10 ya mu 2020, makamaka chifukwa cha Linux yoyenda pa ma purosesa opanda MMU. Koma zonse zogwirizana ziyenera kumangidwa ndi ABI imeneyi, ndiko kuti pangano lomweli la kaitanidwe ka ma function, ndipo loader yake FreeRTOS sikupatsani.

Tsopano za nthawi, chifukwa mwanena za mota. Pa Linux mwachizolowezi chakale function ya m'laibulale siifufuzidwa pulogalamu ikamayamba. Imadikira tsiku loyamba kuitanidwa, ndipo patsikulo kuitanako kumadutsa mu PLT, tebulo la tinjira tolumphira ku ma function a laibulale, kupita kwa dynamic linker, imene imafufuza dzinalo m'matebulo, n'kulemba adiresi mu GOT, kenako ntchito n'kupitirira. Pa kompyuta ya pa desiki palibe amamva kuchedwako. Koma ganizirani kuti ndi function iti imene imaitanidwa koyamba chipangizo chitayenda kale miyezi itatu. Ndi ija yothana ndi ngozi: magetsi akwera mopitirira, mota yamata, sensa yaduka. Nthawi imene mukufuna kuyankha msanga kuposa nthawi zonse ndi imene linker ikuyamba kuwerenga mayina. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo apa mwambiwu ukukwanira ndendende. N'chifukwa chake anthu a real-time pa Linux amalumikiza ndi -z now kapena kuika LD_BIND_NOW, amapatsa dlopen chizindikiro cha RTLD_NOW, ndipo amaitana mlockall kuti tsamba lililonse likhale mu RAM ntchito isanayambe.

Musaope kudutsa pa tebulo pakokha. Kuwerenga adiresi n'kulumphira pomwepo kumatenga ma cycle ochepa, ndipo pa 168 MHz simungakuone pa loop ya millisecond imodzi. Kuwonjezera apo mtengo wake ndi womwewo nthawi zonse, choncho mutha kuuwerengera. Chimene real-time imadana nacho ndi ntchito yosadziwika kutalika kwake: kufufuza mayina, kuwerenga fayilo pa SD card, kupempha memory ku heap. Kukweza ndi kutsitsa ma module chipangizo chikuyenda kumaswanso heap kukhala tizidutswa, mpaka tsiku lina RAM ilipo yokwanira koma palibe chidutswa chimodzi chachikulu choti module ilowemo. Si pachabe kuti MISRA C:2012, malamulo olembera C pa zipangizo zofuna chitetezo, pa lamulo 21.3 imaletsa malloc ndi abale ake. Lamulo langa ndi loti chilichonse chokwezedwa chikwezedwe mota isanapatsidwe mphamvu, ndipo chisatsitsidwe mpaka chipangizo chitazimitsidwa.

Ma RTOS ena, ma operating system a real-time ngati FreeRTOS, ali nazo njira zokonzedwa kale. QNX Neutrino imagwiritsa ntchito .so monga Linux, ndipo VxWorks kuyambira pa 6.0 ili ndi ma RTP, ma process ake, otha kugwiritsa malaibulale ogawana, koma zimenezi ndi za ma purosesa okhala ndi MMU. Kwa tichip tating'ono pali LLEXT ya Zephyr, imene inalowa mu 3.5 chaka cha 2023, pali ELF loader ndi NXFLAT za NuttX, pali libdl ya RTEMS, palinso ThreadX Modules, imene imatha kuyendetsa module ili mu flash momwemo. Zindikirani kuti zambiri mwa izi cholinga chake n'kuwonjezera code pa dongosolo lomwe likuyenda kale, ndipo kawirikawiri zimakopera code mu RAM kuti zikonze maadiresi. Pa chip yanu zimenezi n'zopweteka. STM32F407 ili ndi flash yofika 1 MB koma RAM ndi 192 KB yokha, ndipo mwa imeneyo 64 KB ndi CCM, yolumikizidwa ku bus ya data basi, moti code singayenderemo. Mwatsala ndi 128 KB yogawana ndi ma stack, ma buffer a TLS ndi zina zonse. Mungakhale mukusinthanitsa chinthu chomwe muli nacho chambiri ndi chomwe chikukusowani. Code ikakhala mu RAM pamabukanso nkhani ya mtunda: instruction ya BL pa Thumb-2 imafika 16 MB kutsogolo kapena kumbuyo, pomwe kuchokera pa 0x20000000 kukafika pa 0x08000000 ndi 384 MB, ndiye mufunika -mlong-calls kapena ma veneer, tizidutswa ta code tothandiza kulumpha patali. Mukadzasamukira ku Cortex-M7 mudzakumbukirenso kutsuka D-cache ndi kufufuta I-cache mukatha kukopera, apo ayi purosesa idzayendetsa zakale.

Ngati mukufunadi kuti mapulogalamu awiri agawane code pa chip imeneyi, njira imene ndimakhulupirira ndi yakale ndithu: tebulo la ma function pa adiresi yokhazikika. Opanga ma chip amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ma Tiva a Texas Instruments ali ndi ma driver mu ROM amene mumawafikira kudzera pa tebulo. Bootrom ya RP2040 ili ndi tebulo limene mumafufuzamo function ndi chizindikiro cha zilembo ziwiri. SoftDevice ya Nordic, yomwe ndi Bluetooth stack yathunthu, imabwera yomangidwa kale, imakhala kumayambiriro kwa flash, ndipo application imaiitana kudzera mu instruction ya SVC. Palibe dynamic linker pa zonsezi, pali pangano basi la chimene chili pati.

Kachitidwe kake n'kotere. Mumamanga laibulale ngati pulogalamu yapayokha, ndi linker script yake yoiika pa chiyambi cha sector ya flash. Pa F407 ya 1 MB ma sector ndi anayi a 16 KB, imodzi ya 64 KB ndi asanu ndi awiri a 128 KB, ndipo simungafufute theka la sector, choncho malire a laibulale atsatire malire amenewa. Chinthu choyamba m'sector imeneyo chikhale struct ya const yokhala ndi nambala yozindikirira, nambala ya version, kukula kwa tebulolo, kenako ma pointer a ma function. Application poyamba imawerenga nambala zija, ndipo ikapeza zosayembekezeka imakana kupitirira m'malo molumphira mumdima. Lolani compiler idzaze ma pointer yokha. Mukalemba adiresi pamanja n'kuiwala kuti bit yomalizira iyenera kukhala 1 posonyeza Thumb, Cortex-M imagwa pa kulumpha koyamba. Tebulo likangotuluka kupita kwa ogwiritsa ntchito, ndi pangano losasinthika: zatsopano ziwonjezedwe kumapeto, zakale zisasunthe ngakhale zitasiya kugwiritsidwa ntchito.

Pa data, njira yabwino koposa ndi yoti laibulale isakhale ndi ma global olembeka ngakhale amodzi, woitana azibweretsa yekha malo ogwirira ntchito. Mbed TLS ili pafupi ndi khalidwe limeneli chifukwa ma function ake ambiri amalandira context, monga mbedtls_sha256_context. Koma samalani pawiri. Poyamba, zigawo zina zili ndi ma global, mwachitsanzo matebulo a AES amene amawerengeredwa mu RAM pokhapokha mutatsegula MBEDTLS_AES_ROM_TABLES. Ngati ma global atsala, patulani kagawo ka RAM m'ma linker script onse, ndipo tebulo likhale ndi function yokopera .data ndi kufufuta .bss za laibulale, chifukwa startup code ya application sidziwa n'komwe kuti zilipo. Kachiwiri, kukula kwa ma context kumadalira fayilo ya config. Mukasintha config ya laibulale, struct n'kukula ndi ma byte asanu ndi atatu, application yakale ipitiriza kupatula malo akale ndipo laibulale izilemba mopitirira malire. Yankho ndi loti application isamaone m'kati mwa struct: izifunsa laibulale kukula kofunika, kapena mugwirizane pa malo aakulu okhazikika amene laibulale imatsimikiza kuti akukwanira.

Zinthu zimene linker imakugwirirani mwakachetechete pa static, apa palibe wozigwira. Mbali imodzi ikamangidwa ndi -mfloat-abi=hard ina ndi softfp, nambala ya float iikidwa mu register ya FPU pomwe wolandira akuidikira mu r0. Kukula kwa enum nakonso kumatha kusiyana, popeza arm-none-eabi imafupikitsa ma enum mwachizolowezi. Pa malire a tebulo ndimagwiritsa uint32_t, int32_t ndi ma pointer okha.

Ndanena zonsezi kuti mudziwe kuti n'zotheka. Koma pa bootloader ndikukuchondererani kuti musatero. Taganizirani bwino: bootloader imadalira laibulale kuti itsimikize siginecha ya firmware yatsopano, ndipo laibulale yomweyo ndi imene mukufuna kumaisintha chipangizo chili kwa mwini wake. Magetsi akathima sector itafufutidwa koma isanalembedwe, bootloader idzuka n'kupeza chida chake chotsimikizira palibe. Chipangizo chafa, ndipo chingadzutsidwe pokhapokha munthu atafika pomwe chili kudzalembanso flash, mwachitsanzo ndi debugger. Mungatembenuze nkhaniyo, laibulale n'kukhala m'kati mwa bootloader yosasinthika, application izibwereka kumeneko. Pamenepo chipangizo sichifa, koma cholakwika cha chitetezo chikadzapezeka mu TLS, ndipo zolakwika zotere zimapezeka ndithu, mudzakhala nacho mpaka kalekale kapena mudzayamba kusintha bootloader, ntchito yoopsa kuposa zonse. Bootloader sifuna TLS yonse. Imafuna SHA-256 ndi kutsimikiza siginecha kwa mtundu umodzi, ndipo ikamangidwa static ndi --gc-sections zimenezi zimalowa m'ma sector ang'onoang'ono oyambirira aja. MCUboot, bootloader yodziwika ya tichip totere, imachita chomwechi, imanyamula kagawo kake ka crypto. Kubwereza ma KB ochepa pa flash ya 1 MB ndi mtengo wotsika kwambiri pogula bootloader yoima payokha.

Za kusintha laibulale payokha, dzifunseni chimene mukufuna kupulumutsa. Ngati ndi kuchuluka kwa data yotumizidwa, mutha kutumiza kusiyana kokha kwa firmware yakale ndi yatsopano, chipangizo n'kumanga chokha firmware yathunthu, n'kutsimikiza siginecha yake isanayambe kuyenda. Mumapeza phindu la kutumiza zochepa, koma chomwe chikuyenda pa chipangizo ndi firmware imodzi imene munaiyesa yonse pamodzi. Mukalekanitsa, patapita zaka ziwiri mudzakhala ndi application ya mitundu inayi ndi laibulale ya mitundu itatu, ndiko kuti maukwati khumi ndi awiri, ndipo ena mwa iwo adzakumana koyamba m'manja mwa kasitomala. Kuyeza nthawi yoipitsitsa ya task ndi kuzama kwa stack kuyenera kubwerezedwa pa ukwati uliwonse, chifukwa function ya m'laibulale imagwiritsa stack ya task yoiitana. Ngati chipangizocho chidzafuna satifiketi ya chitetezo ngati ya IEC 61508, oyendera adzafunsa umboni wa chimene chikuyenda kwenikweni, ndipo yankho limodzi n'losavuta kuteteza kuposa khumi ndi awiri.

Musaganizenso kuti kusintha laibulale yokha kukupatsani mwayi wosintha mota ikuzungulira. Flash ya F407 ndi ya bank imodzi, ndipo pamene sector ikufufutidwa, kuwerenga kulikonse kwa flash kumaima kudikira. Sector ya 128 KB imatenga pafupifupi sekondi imodzi kapena kuposerapo. Nthawi yonseyo interrupt iliyonse imene code yake ili mu flash siyankhidwa. Mota iyenera kuimitsidwa kaye, kaya mukusintha gawo kaya zonse.

Pali nthawi imene ma module okwezedwa ndi oyeneradi: pamene anthu ena, osati inu, adzalemba code yoti iyende pa chipangizo chanu, kapena pamene chipangizo chimodzi chili ndi ntchito zambiri zosagwiritsidwa nthawi imodzi. Zikakhala choncho sankhani RTOS imene ili nazo kale, monga Zephyr, NuttX kapena ThreadX, m'malo modzilembera loader, ndipo tsegulani MPU kuti module yolakwitsa isaononge kernel. Palinso amene amafuna kulumikiza kwa dynamic chifukwa cha laisensi ya LGPL, koma LGPL imalolanso kupereka ma object file kuti wogwiritsa ntchito athe kulumikizanso yekha, ndipo Mbed TLS mutha kuitenga pa Apache 2.0, choncho izi sizikukukhudzani.

Tibwerere kwa ma task atatu aja, chifukwa kumeneko ndi kumene ndikuona ngozi imene ili pafupi nanu lero. Popeza akugawana code imodzi m'malo amodzi a maadiresi, akugawananso global iliyonse ya m'laibulale, popanda MMU yopatsa aliyense yake. Ngati ma task awiri akugwiritsa random generator imodzi kapena key ya RSA imodzi, mufunika MBEDTLS_THREADING_C pamodzi ndi MBEDTLS_THREADING_ALT, n'kupatsa laibulale ma function a mutex, loko yoletsa ma task awiri kulowa pamodzi, ochokera ku FreeRTOS. Ngati mukugwiritsa newlib, libc ya tichip tating'ono, tsegulani configUSE_NEWLIB_REENTRANT kuti errno ndi strtok zisasakanikirane pakati pa ma task, ndipo lembani __malloc_lock ndi __malloc_unlock, chifukwa popanda zimenezo ma task awiri atha kulowa mu malloc nthawi imodzi.

Mutex imene mukupereka ipangidwe ndi xSemaphoreCreateMutex, osati xSemaphoreCreateBinary. Yoyambayo ili ndi priority inheritance, yokweza kwakanthawi task yotsika imene yagwira loko kuti imalize msanga, yachiwiriyo ilibe. Kusiyanaku n'kumene kunavutitsa chombo cha Mars Pathfinder chili pa pulaneti ya Mars mu July 1997: task yotsika inagwira mutex ya m'kati mwa VxWorks, ma task apakati anaitchinga kuti isamalize, task yapamwamba inadikira mpaka nthawi yake kutha, ndipo kompyuta inkadziyambitsanso yokha mobwerezabwereza. Akatswiri anakonza ali pansi pano potsegula priority inheritance pa mutex imeneyo. Ngakhale ndi mutex yabwino, task yapamwamba imadikirabe mpaka yotsikayo itamaliza zimene ikuchita itagwira loko, ndipo kuwerengera siginecha ya RSA pa Cortex-M4 kumatenga nthawi yotalika kwambiri kuposa millisecond imodzi ya loop yanu. Choncho task yoyendetsa mota isakhudze Mbed TLS ngakhale pang'ono. Ikakhala ndi uthenga woti utumizidwe mobisa, iuponye mu queue ndi xQueueSend popanda kudikira, task ina yotsika iutole n'kuchita za crypto pa nthawi yake.